Wofuna kusiya mowa apeze thandizo pafupi ndi kwawo

M'dziko muno munthu amene wakodwa ndi mowa, chamba kapena mankhwala ena ozunguza bongo amathera malo atatu: m'chitokosi cha apolisi, ku mapemphero a usiku, kapena ku chipatala cha odwala matenda a m'maganizo ku Zomba. Konseko amafikako zinthu zitaipa kale, atamenya munthu, atagulitsa malata a nyumba, kapena mutu utasokonekera moti abale achita kumumanga ndi chingwe. Chimene chikusowa m'madera ambiri ndi malo oti munthu apiteko yekha ndi miyendo yake, ntchito ikadalipo, banja lisanathe, akanene kuti akufuna kusiya koma zikumukanika, ndipo apeze wodziwa chochita naye. Ine ndikuti thandizo lotere likhazikitsidwe pa chipatala chaching'ono chilichonse ndi m'midzi yochizungulira, likhale gawo la ntchito ya tsiku ndi tsiku monga zilili sikelo ya ana ndi kulandira ma ARV. Kuchira ku uchidakwa kumatenga miyezi ndi zaka, ndipo ntchito yaitali chotero singachitikire kutali ndi kumene munthu amagona.

Tiyambe taona kumene thandizo lili lero. Chisamaliro cha odwala m'maganizo kuno chinayambira m'ndende. Mu 1910 atsamunda anapatula mbali ina ya ndende ya Zomba kuti azisungirako anthu amene ankawatcha amisala, ndipo chipatala chimene tikuchidziwa lero chinatsegulidwa mu 1953. Mpaka pano ndicho chipatala chachikulu chokhacho cha boma cha matenda amenewa, ndipo amuna ochuluka ndithu amene amagonekedwa kumeneko vuto lawo limakhudzana ndi mowa kapena chamba. A St John of God, a mpingo wa Katolika, ali ndi chipatala ku Mzuzu kuyambira m'zaka za m'ma 1990 ndi china ku Lilongwe. Iwowa amathandiza mwapadera ofuna kusiya mowa ndi mankhwala, ndipo koleji yawo ku Mzuzu imaphunzitsa anthu ogwira ntchito ya matenda a m'maganizo ndi yopereka uphungu. Ku chipatala cha Queens ku Blantyre kuli kiliniki ya odwala oyendera, zipatala za m'maboma zili ndi anamwino ochepa a ntchitoyi, ndipo bungwe la YONECO lili ndi nambala ya foni yaulere yoimbapo. Onsewa akugwira ntchito yotamandika. Koma kalembera wa 2018 anapeza kuti tinalipo anthu 17.5 miliyoni, ndipo 84 mwa 100 alionse ankakhala kumudzi. Kwa munthu wa ku Nthalire, wa ku Makanjira kapena wa ku Marka, thandizo limene lili ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Zomba amangolimva pa wailesi.

Taganizirani za mnyamata amene abale akwanitsa kumufikitsa ku Zomba. Agulitsa mbuzi kuti apeze ndalama ya ulendo wa anthu atatu, poti mmodzi sangamugwire panjira. Wakhala milungu ingapo m'chipatala, akudya bwino, tulo labwerera, akulankhula zanzeru. Tsiku lotuluka amupatsa mankhwala ndi kapepala koti azikaonekera ku chipatala cha boma la kwawo. Potsika minibasi pa siteji, oyamba kumulonjera ndi anzake omwe aja, ali pa benchi lomwe lija kuseri kwa golosale, kabotolo kakuyenda m'manja. Kunyumba akupeza kuti njinga ya kabaza mwini wake anapatsa wina, ngongole ya kwa mayi wotcheza kachasu ikumudikira, ndipo ana pamsewu ayamba kumuloza kuti uyo wa ku mentolo. Tsiku lokaonekera likafika, ndalama yokwerera palibe. Pomatha miyezi iwiri wabwerera pa benchi paja, ndipo abale akuti anataya mbuzi pachabe. Chipatala sichinalakwe, chinachita mbali yake. Mbande ikachoka ku nazale n'kuwokeredwa m'munda, masiku oyambawo ndiwo ofunika kuthirira. Ife tili ndi nazale, koma kumunda kulibe wothirira.

Ambiri sadziwa kuti kusiya mowa mwadzidzidzi kumadwalitsa, ndipo kumatha kupha. Munthu amene wakhala akumwa kwambiri tsiku ndi tsiku ubongo wake umazolowera kugwira ntchito mowa uli m'magazi. Akangosiya, pakatha maola 6 mpaka 24 manja amayamba kunjenjemera, thukuta limatuluka, nseru imabwera, tulo timasowa. Ena amagwa ngati akhunyu m'masiku awiri oyamba. Ena pa tsiku lachiwiri kapena lachitatu amayamba kubwebweta, kuona tizilombo tikuyenda pakhoma, mtima ukuthamanga, ndipo akapanda kuthandizidwa akhoza kufa. N'chifukwa chake chidakwa chimalawirira ku shabini tambala atangolira: chikukaletsa kunjenjemera, chisangalalo chinatha kalekale. Mankhwala othandiza nthawi imeneyi ndi otsika mtengo, diazepam woperekedwa mwa mlingo kwa masiku ochepa moyang'aniridwa ndi wachipatala, pamodzi ndi vitamini B1 woteteza ubongo. Kuzindikira amene ali pa chiopsezo nakonso sikulira makina. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO lili ndi mafunso 10 otchedwa AUDIT amene namwino angafunse pa mphindi zochepa, ndipo pologalamu yake ya mhGAP, imene inayamba mu 2008, inakonzedwa kuti anamwino ndi madokotala wamba azitha kuthandiza odwala otere popanda katswiri pafupi. Wosuta chamba kapena wakumwa mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine naye amavutika akasiya, amasowa tulo, amapsa mtima, chibaba chimamuzunza, ndipo chimene amafuna kwambiri ndi munthu womuyendera ndi kumulimbikitsa kufikira thupi litazolowera.

Amene akukayika kuti zotere zingatheke pa chipatala cha kumudzi akumbukire mmene tinachitira ndi HIV. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, mankhwalawa ankapezeka m'zipatala zochepa, ndipo panali ena amene ankati dziko losauka lopanda madokotala okwanira silingakwanitse. Malawi sanadikire madokotala. Anaphunzitsa anamwino ndi ogwira ntchito ena a m'zipatala kuyambitsa anthu mankhwala, anafewetsa ndondomeko kuti ikhale imodzi dziko lonse, anapatsa alangizi a zaumoyo ntchito yolondola amene asiya kubwera, ndipo anatenga anthu amene ali ndi kachilombo omwewo kuti azilangiza anzawo atsopano. Magulu a anthu amene ali ndi kachilombo, a NAPHAM ndi ena, anakhala pansi pa mitengo n'kumalimbikitsana poyera pa nthawi imene kungotchula matendawa kunali kochititsa manyazi. Mu 2011 dziko lino linayamba njira ya Option B+, yoti mayi aliyense woyembekezera amene ali ndi kachilombo ayambe mankhwala nthawi yomweyo, ndipo maiko ena anadzaphunzira kwa ife. Lero anthu oposa 900,000 akulandira ma ARV, ambiri pa chipatala choyenda wapansi kapena pa njinga. HIV nayo inali matenda amene anthu ankati ndi odziyamba dala, ofuna chisamaliro cha moyo wonse, obisidwa m'banja. Njira imene inagwira ntchito pamenepo ndi yomwe ikufunika apa.

Kuchita kwake kungakhale motere. Pa chipatala chaching'ono chilichonse, cha boma kapena cha mipingo (CHAM), pakhale wogwira ntchito mmodzi kapena awiri ophunzitsidwa kufunsa za mowa ndi mankhwala mopanda kunyoza, kupereka uphungu waufupi, kuyang'anira amene akusiya, ndi kudziwa amene afunika kutumizidwa ku chipatala chachikulu cha m'boma msanga. Mafunso aja azifunsidwa kwa aliyense wobwera ku kiliniki ya ma ARV, ya chifuwa chachikulu, ya kuthamanga kwa magazi, ku sikelo ya amayi, ndi kwa wobwera ndi bala la ndewu kapena la ngozi. Chipatala chachikulucho chikhale ndi mabedi ochepa a anthu amene kusiya kwawo kuli koopsa. Wotuluka ku Zomba kapena ku St John of God, ngati iye mwini wavomera, mlangizi wa zaumoyo wa kwawo adziwitsidwe kuti amuyendere sabata yoyamba. Kenako pakhale gulu lokumana sabata iliyonse, m'kalasi ya sukulu, m'tchalitchi kapena mu mzikiti, lotsogozedwa ndi anthu amene anasiya okha. Gulu la Alcoholics Anonymous, limene linayamba ku America mu 1935, linakula pa mfundo yomweyi, yoti chidakwa chimamvera msanga mnzake amene anadutsamo kusiyana ndi womulalikira. Gululo lilumikizane ndi banki m'khonde, kalabu ya ulimi kapena mmisiri wophunzitsa ntchito, chifukwa wosiya mowa amene akungokhala tsiku lonse manja ali lende sachedwa kubwerera. Akazi a zidakwa, makolo ndi ana akhalenso ndi pokambira zawo, pakuti nawo avulala, ndipo ayenera kudziwa kusiyana kwa kuthandiza munthu ndi kumubwezera ngongole za ku shabini.

Wina anena kuti chidakwa chinadziyamba chokha, nanga bwanji tiwonongere ndalama pa icho pamene mwana wodwala malungo akusowa mankhwala? Funsoli ndi lomveka, ndipo n'zoona kuti botolo loyamba munthu amanyamula yekha. Koma chipatala sichifunsa woyendetsa njinga yamoto wopanda chipewa chifukwa chimene sanavalire chisanamusoke mutu, ndiponso sichibweza wodwala shuga kaamba ka zimene ankadya. Komanso ndalama zimene tikuti tikupulumutsazo tikuzilipira kale, kungoti tikulipirira kumapeto kumene n'kodula. Timalipira pa bedi la wodwala chiwindi, pa mwendo wothyoka pa ngozi, pa mayi wobwera ndi nkhope yotupa, pa mwana wosiya sukulu chifukwa fizi inathera ku mowa. Kafukufuku wa m'maiko ambiri anapeza kuti womwa kwambiri amakhala pa chiopsezo chodwala chifuwa chachikulu pafupifupi katatu kuposa wosamwa, ndipo amene waledzera amaiwala kumwa ma ARV ndi mankhwala a chifuwacho, zimene zimabweza mmbuyo ntchito imene dziko lathirapo ndalama zambiri. Lipoti la WHO la 2024 linati mowa unapha anthu 2.6 miliyoni pa dziko lonse m'chaka cha 2019 chokha. Kuthandiza bambo mmodzi kusiya mowa n'kuthandiza mwana wa malungo yemwe uja, chifukwa ndi bambo ake amene akanamutengera ku chipatala kukadali m'mawa.

Wina ati nkhani imeneyi ndi ya mzimu, yofuna pemphero ndi kulapa. Palibe angakane kuti mipingo ndi mizikiti yasintha anthu ambiri amene abale anali atawataya. Imapatsa munthu anzake atsopano, chochita Loweruka madzulo, ndi chifukwa chodzisungira, zimene jakisoni sangapereke. N'chifukwa chake ndikuti atsogoleri a zipembedzo akhale pakati penipeni pa ntchitoyi. Vuto limabwera pamene pemphero lalowa m'malo mwa chipatala. Munthu amene akubwebweta pa tsiku lachitatu atasiya kachasu ali pa ngozi ya thupi, ndipo kumutsekera m'chipinda, kumumanga kapena kumusalitsa kudya poti ziwanda zituluke kungamuphe. Vuto lina ndi la mwambo wa mpingo. Pamene woledzera amangodulidwa n'kulengezedwa pagulu, amene akuvutika mobisa amaphunzira kubisa kwambiri, ndipo amachoka pa malo okhawo amene akanapezapo anzake osamwa. M'busa, shehe kapena mkulu wa mpingo amene waphunzira zizindikiro zoopsa, amene ali ndi nambala ya namwino, ndipo watsegula chipinda cha mpingo kuti gulu lizikumaniramo, wachita ntchito ya Mulungu mokwanira kuposa amene wangodzudzula pa guwa.

Palinso amene amati mankhwala ake ndi lamulo: tsekani mashabini, letsani mowa woipa, mangani osuta chamba. Malamulo ndi ofunika, ndipo amene amagulitsa mowa kwa ana a sukulu kapena kutsegula bala mamawa ayenera kulangidwa. Koma taonani zimene zinachitika. Mu 2015 boma linaletsa mowa wa m'masacheti, umene unkafika mpaka m'matumba a ana a pulayimale. Chinali chinthu chabwino, koma posakhalitsa mowa waukali womwewo unabwerera m'timabotolo ta pulasitiki timene anthu amati midoli. Mu 2017 dziko linakhazikitsa ndondomeko yake yokhudza mowa. Komabe mu 2024 anthu angapo anamwalira ku Blantyre atamwa mowa wosadziwika kapangidwe kake wotchedwa Ambuye n'tengeni. Dzina lokhalo likuonetsa kuti omwawo ankadziwa kuopsa kwake, koma anamwabe, chifukwa munthu wokodwa ukamuchotsera botolo ili amafunafuna lina lotchipa ndi loopsa koposa. Lamulo limateteza amene sanayambe, koma silichiritsa amene anakodwa kale. Chimodzimodzi ndi chamba. Lamulo la 2020 linalola kulima chamba cha mankhwala ndi cha mafakitale, kusuta n'koletsedwabe, ndipo wogulitsa matumbamatumba ayenera kuyankha mlandu. Koma mnyamata wopezeka ndi ndudu imodzi akaponyedwa ku Maula kapena ku Chichiri, m'ndende zodzaza kale, amatuluka ali ndi chibaba chomwecho, mbiri yoipa ndi anzake oipa. Makhoti athu ali kale ndi chilango chogwira ntchito yothandiza dera m'malo mwa ndende. Patakhala gulu ndi namwino pafupi, woweruza akanakhala ndi koloza mnyamata wotere.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha ndalama ndi anthu ogwira ntchito. Namwino wa pa chipatala chaching'ono amaona mzere wautali kuyambira m'mawa, alangizi a zaumoyo asenza kale katemera, ukhondo ndi kulera, ndipo thandizo la maiko akunja likuchepa. Kuwaunjikira ntchito ina popanda chowonjezera kungakhale kudzinamiza. Koma gawo lalikulu la ntchito imene ndikunena si la namwino. Ku Zimbabwe, Dr Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kupereka uphungu atakhala pa benchi panja pa kiliniki, m'pologalamu ya Friendship Bench, ndipo kafukufuku amene anasindikizidwa mu 2016 anaonetsa kuti odwala nkhawa ndi kukhumudwa anapeza bwino. Kuno tili ndi aphunzitsi opuma, amayi a mvano ndi a chigwirizano, ndi anthu amene anasiya mowa zaka zapitazo, oti angaphunzire kumvetsera ndi kulangiza. Afunika maphunziro, woyang'anira wochokera ku chipatala cha boma, njinga ndi kangachepe. Ndalama yake ichokere kumene vuto likuchokera. Boma limatolera msonkho pa mowa ndi fodya, ndipo makhonsolo amatolera ndalama za ziphaso za mabala. Dziko la Thailand kuyambira mu 2001 linaonjezera 2 pa 100 alionse pa msonkho wa mowa ndi fodya, ndalamayo n'kumapita ku thumba lolimbikitsa umoyo. Ifenso tingapatule kagawo kodziwika, kolembedwa m'lamulo, kuti kazipita ku maboma kukalipira ntchito imeneyi yokha.

Nanga akabwereranso ku mowa, sitinataye nthawi? Ambiri amabwereradi, ena kangapo. Ofufuza anapeza kuti pakati pa 40 ndi 60 mwa anthu 100 olandira chithandizo chotere amagwanso, chiwerengero chosasiyana kwenikweni ndi cha odwala mphumu kapena kuthamanga kwa magazi amene matenda amawabwerera. Palibe amene amati titseke kiliniki ya BP chifukwa odwala ena asiya mankhwala. Kugwanso ndiko kukuchititsa kuti thandizo likhale pafupi: amene wapunthwa Loweruka apezeke pa gulu Lachiwiri, asadikire kuti abale agulitsenso mbuzi. Nkhawa ina ndi ya chinsinsi, poti kumudzi anthu amadziwana ndipo nkhani sichedwa kufika pa mjigo. Apa mpofunika kusamala kwenikweni, makamaka kwa amayi, amene akamwa amanyozedwa koposa abambo ndipo amabisa mpaka thupi litatha. Thandizo likamaperekedwa m'chipinda chomwe anthu amalowa ndi chifuwa kapena mutu, palibe adziwe chimene munthu wadzera. Wachipatala woulula za wodwala alangidwe. Ndipo manyazi a HIV sanathe chifukwa anthu anabisala bwino. Anachepa pamene mudzi unaona mnansi amene anali gone wadzuka n'kuyamba kulima. Mudzi ukaona chidakwa chodziwika chikufolera nyumba ndi kulipira fizi, ena adzatsatira okha.

Pempho langa likupita kwa amene ali ndi mphamvu yoyambitsa. A Unduna wa Zaumoyo aike thandizoli pa mndandanda wa ntchito zimene chipatala chaching'ono chilichonse chiyenera kupereka, ndipo diazepam ndi vitamini B1 zisamasowe. Aphungu a Nyumba ya Malamulo apatule gawo la msonkho wa mowa. Makhonsolo, pokonza ndondomeko za chuma, aike mzere wa ntchitoyi, ndipo ayambe ndi zipatala zingapo chaka chino m'malo modikira kuti zonse zikwane. Mafumu, amene amaweruza milandu ya mowa sabata ndi sabata, apereke malo okumanira ndi kuletsa kunyoza obwera kuchokera ku chipatala. Ndipo inu amene muli ndi mwana, mwamuna, mkazi kapena mlongo amene akumira, musadikire kuti ayambe kubwebweta, komanso musamuumirize kusiya mwadzidzidzi ali yekha m'nyumba. Muperekezeni ku chipatala cha pafupi, mukanene zoona zonse za mmene amamwera, ndipo akakuuzani kuti thandizo lotero palibe, kafunseni komiti ya chipatala, khansala ndi phungu wanu kuti lidzafika liti.